POIZONI PANSI PA BENCHI: DOTHI LOIPITSIDWA ALITSUKE NDANI?

Wolemba Mtolankhani Wapadera, ku Mangochi

AZAKHALI anga amagulitsa usipa wofutsa ndi tomato. Geni imeneyi anaiyamba ine ndisanabadwe, ndipo fizi yanga ya ku sekondale inkachokera m'beseni lawo lomwelo. Chaka china atathamangitsidwa m'mbali mwa msewu, iwo ndi anzawo angapo anakapeza kamalo kongokhala kuseri kwa galaja ina yomwe inatsekedwa kalekale. Malo ake ooneka bwino zedi: pafupi ndi siteji, mthunzi ulipo, komanso panalibe ndi udzu womwe woti alambule.

Pa udzu pomwepo ndiye panagona nkhani. Pamalopo sipankamera kanthu ngakhale mvula igwe chotani. Dothi lake lakuda bii, lonona ngati lathiridwa mafuta ophikira. Dzuwa la Okutobala likafika paliwombo, fungo la dizilo linkachita kutuluka pansi. Mvula ikagwa, madzi odikha ankanyezimira mitundumitundu ngati utawaleza. Kamdzukulu kawo kokwawa kankabwera kunyumba mawondo ali bii, sopo mpaka kutha.

Nditawafunsa ngati sakuopa, anandiyang'ana ngati ndayamba misala. Yankho lawo linali lachidule: iwo sadya dothi, amadya phindu la usipa.

Pepani azakhali, dothi timadya ndithu. Mwana wokwawa amalidya tsiku ndi tsiku kudzera m'zala zake. Mwera ukaomba, fumbi limatera pa usipa, pa mandasi, pa chiwaya cha tchipisi, mu thobwa. Wogulitsa amalipuma kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Wogula amalitengera kunyumba mu jumbo.

Tsono funso la sabata ino ndi ili: mwini galaja, mwini depoti kapena mwini fakitale akapanga ndalama zake n'kutseka geti n'kumapita, dothi lomwe waliipitsa alitsuke ndani? Ndipo ndalama zotsukira zichoke m'thumba mwa yani?

FAKITALE IMATSEKA, POIZONI SATSEKA

Ambiri tikamva za kuipitsa malo timaganiza za makoko a nthochi, mapepala a pulasitiki ndi zinyalala zomwe zimaunjikana kuseri kwa msika. Zimenezo n'zoipa, inde, koma thirakitala ikabwera imanyamula. Pali uve wina wosanyamulika ndi fosholo ya tsiku limodzi chifukwa unalowa m'nthaka.

Woyamba ndi oyilo wakutha ndi dizilo. Galaja yomwe yakhala ikukhuthulira oyilo pansi zaka makumi awiri imasiya nthaka itakhuta mafuta mpaka pansi. Pamalo omwetsera galimoto akale pamakhala mathanki okwiriridwa, ndipo thanki ikachita dzimbiri imadontha mwakachetechete, mafutawo n'kumayenda pansi mpaka kukapeza chitsime cha munthu.

Wachiwiri ndi mtovu, chitsulo cholemera chija chimakhala m'mabatire a galimoto ndi a sola. Anyamata akamaswa mabatire akutha, asidi n'kumutayira pansi, mtovuwo n'kumausungunula pa mbaula, fumbi lake limatsalira pomwepo. Mtovu unkapezekanso mu petulo mpaka maiko a kuno kwathu atasiya petulo wotere cha mu 2006, komanso mu penti wina. Kafukufuku yemwe bungwe la LEEP linachita cha mu 2021 anapeza kuti penti wamafuta woposa theka mwa yemwe anayesedwa anali ndi mtovu wopyola muyezo, ndipo makampani anauzidwa kuti asinthe kapangidwe.

Wachitatu ndi mankhwala a mbewu otha ntchito. Boma la Mangochi ndi limodzi mwa madera olima thonje, ndipo thonje ndi mbewu ya mankhwala. Shedi yomwe munkasungidwa migolo ya mankhwala ikadontha, simenti ndi dothi lapansi pake zimamwa poizoniyo. Ena mwa mankhwala akale, monga DDT ndi dieldrin, amatha zaka zambirimbiri ali m'nthaka osaola.

Onjezanipo mafuta a m'mathiransifoma akale a magetsi omwe ena amakhala ndi mankhwala otchedwa PCB, ndi malata kapena mapaipi a asibesitosi omwe fumbi lake limaononga mapapo.

Choopsa kwambiri pa zonsezi ndi mtovu chifukwa suola, sununkha ndipo suoneka. Ukalowa m'thupi umakhala m'magazi n'kukakhazikika m'mafupa. Kwa mwana wamng'ono umaononga ubongo: amachedwa kuyankhula, sagwira za m'kalasi, magazi amamuchepera, m'mimba mumamupweteka pafupipafupi. Kwa mayi woyembekezera ungachititse kupita padera kapena kubereka mwana wonyentchera. Kwa akuluakulu umakweza BP ndi kuononga impso. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena poyera kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi womwe tinganene kuti ndi wabwinobwino. Ndipo m'mene timadziwirana kuno, mwana akayamba kubwerera m'mbuyo kusukulu, zala zimayamba kuloza agogo osalakwa kuti am'lodza, pamene mfiti yeniyeni ili pansi pa benchi.

NANGA KUNO KUNYANJA ZIKUTIKHUDZA BWANJI?

Wina anena kuti nkhani za mafakitale n'za ku Makata ndi ku Kanengo, kuno ku Mangochi kuli nsomba ndi njinga za kabaza basi. Zoona, mtsinje wa Mudi ku Blantyre ndiye wakhala ukutchuka ndi kununkha kwa zotayidwa za m'mafakitale ndi masuweji. Koma tawuni ino si ya dzana. Inayamba ngati Fort Johnston m'zaka za m'ma 1890, ndipo sitima za nthunzi zinkaima pano agogo athu asanabadwe. Ku Monkey Bay akhala akulumikiza ndi kukonza sitima kuyambira nthawi ya Ilala, yomwe inabwera kuchokera ku Scotland m'zidutswa n'kuyamba kuyenda panyanja mu 1951. Chauncy Maples, yomwe inalowa m'madzi mu 1901, yakhala zaka zambiri itaima komweko. Kulikonse padziko lapansi, malo okonzera sitima, osungira mafuta, magalaja akuluakulu ndi mashedi a mankhwala ndiwo amayamba kuyezedwa akafuna kuwasandutsa msika kapena malo okhala.

Tisamvane molakwika. Sitikuloza puloti ya munthu kapena kampani kuti ili ndi poizoni. Wonena zimenezo ndi labotale, osati mtolankhani. Chomwe tikunena n'chakuti dera lathu lino lili ndi zinthu ziwiri zomwe zimakulitsa vuto likakhalapo.

Choyamba, nthaka ya m'mbali mwa nyanja ndi mchenga, ndipo madzi ali pafupi. Ukakumba pang'ono wapeza madzi. Chothiridwa pamwamba sichichedwa kufika m'chitsime.

Chachiwiri, madzi athu amayenda. Mu 2024 tonse tinaona nyanja itakwera mpaka kulowa m'malo ogona alendo, m'nyumba ndi m'madimba. Madzi akalowa pamalo n'kubwerera, amatenga zomwe apeza. Ndipo madzi onse otuluka m'nyanja ya Malawi amadutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi, kulowa mu Malombe, n'kutsikira ku Liwonde. Amene timadya za usipa, utaka, kambuzi ndi mcheni tikudziwa kuti mbiri yoipa imodzi yokha, yoti nsomba za kwakuti zili ndi mankhwala, ikhoza kugwetsa geni kuyambira ku Msaka ndi Makawa mpaka ku Limbe.

Amene akukayika afunse anzathu a ku Zambia. Pa 18 Febuluwale 2025, damu losungira zinyalala za mgodi wa kampani ya Sino-Metals ku Chambishi linaphulika, madzi a asidi n'kukhuthukira m'mitsinje yothira mu Kafue. Nsomba zinafa n'kumayandama, mzinda wa Kitwe anautsekera madzi a m'mipopi, ndipo boma linachita kutuma ndege za asilikali kukawaza laimu mumtsinje. Asodzi ndi ogulitsa nsomba ndiwo anayamba kulira.

KABWE: TAWUNI YOMWE INADIKIRA

Koma phunziro lalikulu lili ku Kabwe, tawuni yomwe ili makilomita pafupifupi 140 kumpoto kwa Lusaka. Achikulire amaidziwa ndi dzina lakale la Broken Hill, ndipo a Nyasalande ena anakagwirako ntchito nthawi ya atsamunda. Kumeneko kunali mgodi wa mtovu ndi zinki komanso ng'anjo yosungunulira miyala, kuyambira 1904 mpaka 1994.

Zaka 90 utsi ukutera pa madenga, m'mabwalo a masewera ndi m'minda. Mgodi utatsekedwa mu 1994, geti linakhomedwa koma malowo sanatsukidwe. Kunatsala chimulu cha zinyalala za mgodi cholemera matani oposa 5 miliyoni, chomwe eni dera amachitcha Black Mountain. Chili pamtetete. Mphepo ikaomba imanyamula fumbi lake kukalithira m'makomboni a Kasanda, Makululu ndi Chowa. Mvula ikagwa imalikokolera mu ngalande yodutsa pakati pa nyumba za anthu.

Akatswiri a University of Zambia pamodzi ndi anzawo a Hokkaido University ya ku Japan akhala akuyeza magazi a ana kumeneko, ndipo zomwe anapeza n'zoimitsa mutu. Bungwe la Human Rights Watch, mu lipoti lake la 2025, linati ana oposa 95 mwa 100 aliwonse okhala pafupi ndi mgodiwo ali ndi mtovu wochuluka m'magazi, ndipo pafupifupi theka la iwo ndi ofunika chithandizo cha kuchipatala. Kabwe yakhala ikulembedwa pa m'ndandanda wa malo oipitsidwa kwambiri padziko lonse.

Nanga analipira ndani? Apa ndiye tcherani khutu.

Kampani ya Anglo American, yomwe inali ndi dzanja pa mgodiwo kuyambira 1925 mpaka 1974, inatengeredwa kukhoti ku Johannesburg mu Okutobala 2020. Maloya ankafuna kuimira amayi ndi ana pafupifupi 140,000. Kampaniyo inakana mlandu, ikuti siinali mwini mgodi ndipo siinkauyendetsa, inangokhala ndi masheya ochepa n'kumapereka upangiri. Inatinso mgodiwo unakhala m'manja mwa boma la Zambia zaka zina 20 iyo itachoka. Mu Disembala 2023 khotilo linakana kuti mlanduwo upitirire ngati wa gulu, ndipo odandaula anachita apilo. Mwana yemwe anabadwa chaka chomwe mgodi unatsekedwa anali atakwanitsa zaka 29 tsiku la chigamulocho, osaonako ngakhale ngwee imodzi.

Poti mwini poizoni sakupezeka, katunduyo anagwera boma. Ndipo boma losauka likafuna ndalama zambiri mukudziwa komwe limapita. Kuyambira 2003 mpaka 2011 kunali pulojekiti ya Copperbelt Environment Project yothandizidwa ndi World Bank. Siinathetse vuto. Mu Disembala 2016 banki yomweyo inavomereza ngongole ina ya madola 65.6 miliyoni yokonzera malo oipitsidwa ndi migodi ku Kabwe, Kitwe, Mufulira ndi Chingola. Pulojekitiyi inatha mu 2024.

Tisanyoze zonse. Ndalamazo zinagwira ntchito ina yooneka: ana ambiri anayezedwa magazi n'kulandira mankhwala ochotsa mtovu m'thupi, mabwalo a nyumba zina ndi sukulu anakonzedwa, ngalande inakonzedwa. Koma chimulu chenicheni, gwero la fumbi lonselo, sanachikwirire kapena kuchichotsa. Mwana amalandira mankhwala kuchipatala n'kubwerera kukasewera pa fumbi lomwelo. N'chimodzimodzi kukolopa m'nyumba mpopi uli wotsegula. Choonjezera apo, anthu ndi makampani anayamba kukumba chimulucho kufuna zinki ndi mtovu wotsalira, ndipo malole ananyamula zinyalalazo n'kukaziunjika m'malo ena a m'tawuni momwemo.

Werengani bwino masamu ake. Phindu linapita ndi eni masheya. Matenda anatsala ndi ana a m'komboni. Ngongole ibwezedwa ndi misonkho ya mayi wogulitsa kapenta pa msika wa Soweto ku Lusaka, yemwe sanaonepo ndi khomo la mgodi lomwe. Zambia inadzakhazikitsa thumba loti makampani a migodi aziponyamo ndalama zokonzera malo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mgodi wa Kabwe utatsekedwa kale. Zengerezu analinda kwawukwawu.

AZUNGU AMACHITA BWANJI?

Vutoli si la osauka okha. Ku America, m'dera lotchedwa Love Canal, anamanga sukulu ndi nyumba pamwamba pa dzala la mankhwala a fakitale. Anthu atayamba kudwala m'zaka za m'ma 1970, mabanja mazanamazana anasamutsidwa. Mu 1980 dzikolo linapanga lamulo lomwe amalitcha Superfund. Mfundo zake ndi ziwiri: woipitsa malo akapezeka alipire, ngakhale papite zaka zingati, akasowa kapena akagwa mphwayi ndi ngongole, boma litsuke ndi ndalama za m'thumba lapadera. Thumbalo linkadzazidwa ndi msonkho wochokera ku makampani a mafuta ndi a mankhwala, osati kwa wogulitsa tomato. Msonkhowo unaima mu 1995, ntchito n'kuyamba kutsimphina, mpaka anaubwezeretsa m'zaka za posachedwapa kuyambira 2022.

Phunziro lake n'losavuta: ndalama zotsukira uzitolere kampani ikadali ndi moyo, ikadali kupanga phindu. Ikafa, ulira ndi maliro ake omwe.

KWATHU KUNO LAMULO LILIPO, NANGA THUMBA?

Pa pepala, Malawi sali m'mbuyo. Gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994 limalamula boma kusamala chilengedwe kuti anthu akhale ndi kugwira ntchito pa malo abwino. Lamulo la Environment Management Act la 2017, lomwe linalowa m'malo mwa la 1996, limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pa malo aukhondo ndi osadwalitsa. Limatsatira mfundo yoti woipitsa ndiye alipire. Linakhazikitsa bungwe la MEPA, lomwe lili ndi mphamvu zolamula munthu kapena kampani kukonza malo omwe yaononga. Limakambanso za thumba la zachilengedwe. Ndipo limafuna kuti ntchito zikuluzikulu zisanayambe, pakhale kafukufuku wa momwe zikhudzire anthu ndi chilengedwe, eni dera atafunsidwa maganizo.

Mu 2019 boma linayambitsanso msonkho wa kaboni pa galimoto, ponena za kuteteza chilengedwe. Mwini minibasi akalipira msonkho, mukudziwa yemwe amaubweza: ndi inu nomwe, pa mtengo wa dengu la nsomba pa kaliyala. Choncho muli ndi ufulu wonse wofunsa phungu wanu kuti mwa ndalama zotoleredwa m'dzina la chilengedwe, ndi zingati zomwe zapita kukayeza kapena kutsuka malo m'boma lino.

Ntchito imodzi yaikulu yomwe yachitika m'dziko muno pa nkhaniyi ndi yochotsa mankhwala a mbewu otha ntchito. Atawerengera m'mashedi ndi m'maesiteti anapeza matani oposa 300. Njira yake ndi kuwapakira m'migolo yolimba n'kuwatumiza kunja kukawotchedwa m'ng'anjo zapadera, chifukwa ukawawotcha pa moto wamba utsi wake ndi poizoni woposa. Ntchitoyi inayendetsedwa ndi bungwe la FAO mogwirizana ndi boma, ndi thandizo la thumba la Global Environment Facility. Inali ntchito yabwino. Koma taonani kachitidwe kake: ndalama zakunja, nthawi yoikika, pulojekiti ikatha galimoto zoyera zija zimazimirira.

Ndipo tikudziwa momwe lamulo limalumira m'dziko muno. Mapulasitiki opyapyala analetsedwa mu 2015. Makampani opanga anathamangira kukhoti, nkhani n'kukafika ku khoti la Supreme lomwe linagamula mokomera chiletsocho mu 2019, koma ziletso zina za kukhoti zinapitirirabe pambuyo pake. Wokhala ndi loya amagula zaka. Mnyamata wogulitsa majumbo pa geti la msika alibe loya.

MZINDA UKUBWERA, MAVENDA AIKIDWA PATI?

Chifukwa chake nkhaniyi ndi ya lero, osati ya mawa, n'chakuti Mangochi ikukula. Masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, akukamba zomanga mizinda ina kupatula Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ndipo dera la Mangochi ndi Monkey Bay lili pa m'ndandandawo pamodzi ndi Liwonde, Salima, Karonga ndi ena. Ndalama za ku Joni zikumanga mashopu usiku ndi usana. Ku Njereza kuli ntchito ya simenti. Ku Makanjira kuli mchenga wa miyala yamtengo wapatali womwe makampani a migodi akhala akuulondalonda. Zonsezi ndi ntchito ndi makasitomala, ndipo palibe venda wanzeru angazikane.

Koma tawuni ikamakula, malo amadula. Puloti yabwino ya m'mbali mwa msewu kapena yoyang'ana kunyanja imapita kwa wa chikwama chonenepa. Yotsala, ija ya kuseri kwa depoti yakale, ija ya pa dzala lakale, ija yosamera udzu, ndiyo imaoneka yoyenera msika wa kaunjika, malo okazingira tchipisi kapena siteji ya kabaza. Amene analipo nthawi ya Operation Dongosolo mu 2006, pomwe mavenda anachotsedwa m'misewu ya m'mizinda, akukumbukira mafunso omwe tinkafunsa: kodi kuli makasitomala, kuli chimbudzi, kuli madzi, kuli shedi? Onse ndi mafunso abwino. Koma funso limodzi sitinalizolowere: kodi pamalo pano panali chiyani kale?

Tisanamizanenso. Malo oipitsidwa si otembereredwa. Akatsukidwa bwino amakhala msika wabwino kuposa thengo la kutali komwe kulibe wogula, chifukwa malo akale a mafakitale ndi madepoti amakhala pakati pa tawuni, pafupi ndi msewu, magetsi ndi madzi. N'chifukwa chake maboma anzeru amaikapo ndalama. Amadziwa kuti akatsuka puloti imodzi yakufa, apeza ziphaso za msika, lendi ya mashopu ndi ntchito kwa zaka zambiri.

KUTSUKA KWAKE KUMAKHALA KOTANI?

Si matsenga ayi. Poyamba amafufuza mbiri ya malowo. Apa safuna kompyuta yambiri, amafuna madala ndi amayi omwe akhala m'deralo zaka 40. Iwo ndiwo amadziwa pomwe panali thanki, pomwe ankakhuthulira oyilo, pomwe ankakwirira migolo.

Kenaka amatapa dothi m'malo osiyanasiyana, lapamwamba ndi lapansi, pamodzi ndi madzi a m'zitsime zoyandikira, n'kupita nazo ku labotale. Akatswiri otere m'dziko muno alipo, ku Malawi Bureau of Standards ndi m'sukulu zathu zaukachenjede. Gawo limeneli ndiye lotchipa pa onse.

Zotsatira zikatuluka amasankha njira. Ngati ndi oyilo ndi dizilo, amafukula thanki, dothi n'kulisakaniza ndi manyowa n'kumalitembenuza miyezi ingapo kuti tizilombo ta m'nthaka tidye mafutawo. Ngati ndi mtovu, tizilombo sitingaudye. Amafukula dothi loipalo n'kukalitsekera pa malo otetezedwa, kapena amaliphimba ndi dothi labwino, miyala ndi konkire kuti fumbi lisauluke ndipo mwana asalikhudze. Pa msika, konkire yomweyo imathandizanso pa matope ndi kolera. Ngati ndi mankhwala a mbewu, imeneyo ndi ntchito ya akatswiri ovala zodzitetezera, osati aganyu a fosholo.

Chosathandiza ndi kusesa, kuwotcha kapena kuthira mchenga wa wilibala ziwiri pamwamba tsiku loti kubwere nduna.

MAFUNSO OTI MUPITE NAWO KU MSONKHANO

Makomiti a misika, nkhani ndi iyi. Tsiku lomwe adzakuitaneni kuti akusonyezeni malo atsopano, musangoyeza kukula kwa benchi. Funsani kuti pamalopo panali chiyani zaka 20 kapena 30 zapitazo. Funsani ngati dothi ndi madzi zayezedwa, ndipo muone pepala la zotsatira ndi maso anu. Lamulo la Access to Information, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, limakupatsani mphamvu zopempha zikalata zotere ku ofesi za boma.

Ngati malowo apezeka oipa, funsani kuti mwini wake wakale ali kuti, ndipo a MEPA am'lembera kalata kapena ayi. Ngati anamwalira kapena kampani inatha, funsani khansala ndi phungu kuti ndalama zotsukira azilemba mu bajeti iti: ya khonsolo, ya CDF kapena ya unduna. Mawu a pakamwa pa msonkhano si bajeti.

Ndipo kampani yatsopano ikabwera kudzafunsa maganizo anu, musangofunsa za ntchito ya ulonda ndi mjigo. Funsani kuti tsiku lomwe idzatseke, ndalama zokonzera malo zidzakhala zili m'buku la banki la yani. Funso limeneli likanafunsidwa ku Broken Hill, bwenzi ana a ku Kasanda akusewera mpira pa dothi wamba.

Ifenso eni ake tisadziyeretse. Oyilo wakutha timamuthira tokha m'zimbudzi ndi m'ngalande. Mabatire timaswera pafupi ndi pomwe mayi akuphika phala. Zigubu za mankhwala a thonje timatungira madzi. Galaja ya lero ya pansi pa mtengo wa mango ndiyo puloti yosamera udzu ya mawa. Pomwe tikudikira akuluakulu, zina n'zotheka lero lomwe: kuwaza madzi tisanasese, kuyanika nsomba pa thandala osati pansi, kuvundikira zakudya, kuyalira mwana mkeka, ndi kum'sambitsa m'manja ndi sopo asanadye.

Azakhali anga anachoka pa malo aja patapita nyengo ziwiri za mvula. Sichinali chifukwa cha dothi ayi, koma mwini puloti anatulukira ndi mapepala ake n'kuyamba kuthira njerwa. Lero pali mashopu okongola, penti waliwali, ndipo kutsogolo kwake amayi ena amakazinga zitumbuwa. Palibe anabwera kudzatapa dothi. Oyilo uja ali pomwepo, wangovala simenti mbali ina, mbali ina ali pamtunda.

Kamdzukulu kaja kali ku pulayimale tsopano. Tsiku lina ndinawauza azakhali za ana a ku Kabwe. Anakhala chete kanthawi akuwerenga milu ya usipa, kenaka anandifunsa kuti kuyezetsa magazi a mwana kumafuna ndalama zingati, ndipo amayeza kuti.

Funso limenelo ndalisiya kwa inu, a bwana a zaumoyo, a khonsolo ndi olemekezeka aphungu athu. Azakhali akudikira yankho, ndipo chiphaso cha msika amadula tsiku lililonse.